Timabotolo 36 ta Le Nez du Café ndi mphuno yokulira ku Dowa

Le Nez du Café ndi bokosi la timabotolo 36 tagalasi, kalikonse kokhala ndi fungo lakelake, lomwe linapangidwa ku France ndi kampani ya Jean Lenoir pofuna kuphunzitsa mphuno za anthu ogula, okazinga ndi olawa khofi. Dzinalo m'Chifalansa limatanthauza mphuno ya khofi. Mkuluyu anayambira pa vinyo m'chaka cha 1981 pamene anatulutsa Le Nez du Vin, ndipo bokosi la khofili linadza pambuyo pake potsata ganizo lomwelo, lakuti munthu sangazindikire msanga fungo m'kapu ngati sanalisunge kale m'mutu pamodzi ndi dzina lake. Ine ndimakazinga khofi wochepa ku Lilongwe, amene ndimagula kwa alimi a ku Ntchisi ndi ku Misuku n'kumagulitsa m'mapaketi kwa anthu a m'maofesi ndi eni malo ogona alendo, ndipo bokosili ndakhala ndikuligwiritsa ntchito pafupifupi tsiku lililonse kwa miyezi isanu ndi itatu. Pa ntchito yomwe linapangidwira ndi chida chabwino kwambiri, koma landionetsanso chinthu chimene sindinkachiyembekezera, chakuti mphuno ya munthu ili ndi kwawo.

Chimene chinandikankha kuti ndilifunefune chinali mantha. Mu Januwale 2021, pamene matenda a Covid-19 anafika povuta m'dziko muno, ndinadzuka m'mawa wina osamva fungo lililonse, kaya la sopo kaya la anyezi ali pamoto, ndipo pamene mphuno inayamba kutseguka patapita masabata angapo inabwerera yosokonekera, moti khofi amene ndimadyerapo ankandinunkha ngati tayala lopserera. Vutolo linazilala pang'onopang'ono, koma kwa nthawi yaitali ndinakhala ndikukayikira mphuno yangayanga, ndipo wokazinga khofi wokayikira mphuno yake ali ngati telala wokayikira maso ake. Kenaka ndinamva za njira yophunzitsanso mphuno imene Thomas Hummel ndi anzake anayesa ku Dresden m'dziko la Germany, n'kufalitsa zotsatira zake mu 2009. Odwala awo ankanunkhiza mafungo anayi, la duwa la rozi, la bulugama, la ndimu ndi la chokometsera zakudya chotchedwa clove, kawiri pa tsiku kwa masabata 12, ndipo ena mwa iwo anayamba kumva bwino kusiyana ndi anzawo amene sanachite zimenezi. Atatu mwa mafungo anayiwo ali m'bokosi la Le Nez du Café, choncho ndinaona kuti lindithandiza ponseponse, pa mphuno ndi pa malonda.

Latsopano limagulidwa ndi madola a ku America mazana angapo, ndipo mukaphatikizapo mtengo wotumizira ndi msonkho wolowetsera katundu, ndalamayo imapitirira phindu langa la miyezi ingapo. Ndinagula logwirapo kale ntchito, tingoti la pa kaunjika, kudzera mwa msuweni wanga wokhala ku Johannesburg, kwa munthu wina amene ankatseka malo ake ogulitsira khofi. Kutchipa kumeneko ndinakulipira mwa njira ina. Mwini wakeyo ankalisunga pafupi ndi makina otentha, moti kabotolo ka nambala 4, ka nkhaka, ndi ka nambala 15, ka ndimu, tinafika fungo litachepa mphamvu, ndipo amene ananyamula katunduyo analigoneka cham'mbali pansi pa zikwama, mpaka ka nambala 36, ka mphira, kanadontha pang'ono n'kununkhitsa bokosi lonse kwa masabata awiri. Izi si vuto la opanga, ndipo ndazitchula kuti aliyense wofuna kugula lakale ayambe wafunsa kumene linkasungidwa ndi zaka zimene lakhala lili lotsegulidwa.

Kapangidwe kake n'kosavuta. Pa kabotolo kalikonse pali nambala yokha popanda dzina, ndipo mayina ndi mafotokozedwe ali m'kabuku kobwera nalo, kotero munthu akhoza kudziyesa yekha potola kabotolo mosasankha, kununkhiza, kulemba zimene wamva, kenaka n'kuyang'ana ngati walondola. Chifukwa chake chida chophunzitsira kulawa chili cha mphuno osati cha lilime n'chakuti lilime limangodziwa zinthu zochepa, kutsekemera, kuwawasa, kuwawa, mchere ndi kukoma kuja kwa msuzi wa nyama, pamene zina zonse zimene timazitcha kukoma zimakwera kuchokera kukhosi kupita m'mphuno pamene tikutafuna kapena kumeza. Ndi chifukwa chake wodwala chimfine amadandaula kuti ndiwo zili zii ngakhale mchere ulimo. M'khofi wokazinga akatswiri apezamo timankhwala touluka toposa 800, ndipo olawa akathira madzi a madigiri pafupifupi 93 pa magalamu 8.25 a khofi wopera m'kapu ya mamililita 150, n'kudikira mphindi zinayi asanaswe ndi sipuni chikoko chimene chimayandama pamwamba, amakhala atagunditsa mphuno pakapupo, chifukwa nkhani yaikulu ya khofiyo imatuluka m'kamphindi kameneko.

Usiku woyamba ndinakhala patebulo ndi kope ndi cholembera, nditatseka mawindo kuti utsi wa mbaula za oyandikana nawo usandisokoneze, ndipo ndinatsegula kabotolo ka nambala 1 ndili ndi mtima wa mwana wa sukulu wolemba mayeso. Dzina la fungolo silinabwere. Chimene chinabwera chinali bwalo la agogo anga ku Dowa, madzulo a mu Okutobala dzuwa litaswa mtengo tsiku lonse, madontho akuluakulu a chizimalupsa akugwa amodziamodzi pafumbi n'kusiya timabowo ngati ta nkhululu, agogowo akukuwa kuti tianule ufa pamphasa, ife ana tikuthamanga ndi malichero uku tikuseka. Ndinaona ngakhale mtondo umene unali ndi mng'alu pakamwa, umene ndinali nditauiwala kwa zaka makumi atatu. Patapita kanthawi ndithu m'pamene ndinalemba mawu akuti dothi, ndipo kabukuko kanavomereza.

Zimene zinandichitikirazi zili ndi chifukwa chake m'thupi. Fungo la dothi lonyowa limachokera makamaka ku kamankhwala kotchedwa geosmin, kamene kamapangidwa ndi tizilombo ta m'nthaka ta mtundu wa Streptomyces, ndipo mphuno ya munthu imakamva ngakhale katangokhala timagawo towerengeka mwa magawo thiriliyoni. Asayansi awiri a ku Australia, Isabel Joy Bear ndi Richard Thomas, ndi amene mu 1964 anapatsa fungo la mvula yogwa pa nthaka youma dzina lakuti petrichor, ngakhale kuti alimi a kuno sanadikire dzinalo kuti adziwe nthawi yotulutsa mbewu. Mu 1991 Linda Buck ndi Richard Axel anapeza banja la majini amene amapanga tizigawo tolandira fungo m'mphuno, ntchito imene inawapezetsa mphoto ya Nobel mu 2004, ndipo pano zimadziwika kuti munthu ali ndi mitundu pafupifupi 400 ya tizigawo timeneti. Chachikulu pa nkhani ya kukumbukira ndi njira imene uthenga wa fungo umadzera. Zimene maso aona ndi zimene makutu amva zimayamba zadutsa pa chigawo cha ubongo chotchedwa thalamus, pamene za mphuno zimafika mwachidule kufupi ndi amygdala ndi hippocampus, zigawo zimene zimagwira mantha, chisangalalo ndi zikumbukiro. N'chifukwa chake mtima umayamba wagunda dzina lisanafike pakamwa. Ofufuza a ku Stockholm, Johan Willander ndi Maria Larsson, anaonetsanso mu 2006 kuti zikumbukiro zimene fungo limadzutsa mwa okalamba zimakhala zambiri za m'zaka khumi zoyambirira za moyo, kusiyana ndi zodzutsidwa ndi mawu kapena zithunzi zimene zimakonda kukhala za paunyamata.

Ophunzitsa kulawa khofi amagawa timabotolo 36 timeneti m'magulu anayi, gulu lililonse tisanu ndi tinayi, ndipo kwa zaka zambiri mayeso a olawa ovomerezeka otchedwa Q Grader ankagwiritsa ntchito magulu amenewa. Loyamba ndi la mafungo ochokera ku chipatso chenichenicho, monga maluwa a khofi, ndimu, apozi ndi nsawawa. Lachiwiri ndi la shuga wofiirira pamoto, monga batala, chokoleti, buledi wowotcha ndi mtedza wokazinga, ndipo lachitatu ndi la zimene zimatuluka kukazinga kukapita patali, monga tsabola wakuda, clove ndi fodya wa m'kaliwo. Gulu lachinayi ndi la zilema, kutanthauza mafungo osonyeza kuti penapake panalakwika, ndipo apa m'pamene ndinakhala kakasi. M'gulu limeneli muli dothi, udzu wouma, utsi, chikopa, nyama ya ng'ombe yophika ndi mpunga wonunkhira wa basmati, pamodzi ndi makoko a khofi, mankhwala ndi mphira. Munthu wokulira kumudzi akawerenga mndandandawo amaona kuti akufotokoza kwawo: bwalo mvula itagwa, tsindwi la udzu longofolera kumene, khitchini ya amayi yodetsedwa ndi mwaye, ng'oma yowambidwa pamoto madzulo a gule, ndi mpunga wa tsiku la Khirisimasi, pakuti basmati ndi Kilombero wathu wa ku Karonga amanunkhira mofanana ndithu. Timabotolo tisanu ndi kamodzi timene ndinatizindikira mosavuta kuposa tonse, n'kutikonda kuposa tonse, tinali m'gulu la zolakwika.

Nditaganizira bwino ndinavomereza kuti kagawidweko kali ndi nzeru yake, ndipo sindikufuna kuti wina aganize kuti ndikudandaula za tsankho pamene palibe. Khofi akamveka dothi, kawirikawiri amakhala atayanikidwa pansi penipeni m'malo mwa pathandala, akamveka udzu wouma amakhala atakhalitsa m'matumba mpaka kuguga, ndipo akamveka utsi amakhala atasungidwa m'nyumba yosonkhamo moto kapena atapserera pokazinga. Wogula wa ku Hamburg kapena ku Tokyo amadula mtengo pa zifukwa zimenezi, ndipo mlimi wa ku Ntchisi ndi amene amaluza. Vuto langa linali lina, lakuti mphuno yanga inkakhululukira zilema zimenezi chifukwa zinkaikumbutsa kwawo. Ndinabwerera ku thumba lina limene ndinali nditalitamanda kuti lili ndi fungo lofunda bwino, ndipo nditaliika pambali pa nambala 32 ndinazindikira kuti kufunda kumeneko kunali utsi wa nkhuni basi. Phindu lalikulu la bokosili kwa ine lagona pamenepo, chifukwa landiphunzitsa kusiyanitsa chimene mtima wanga ukukonda ndi chimene chili m'kapu.

Amayi atabwera kudzacheza kuchokera ku Dowa ndinawayesa nawonso, ndipo anandiposa. Iwo sakonda khofi, amati ndi mankhwala a malungo, koma anakhala pampando ataika manja pamiyendo ngati ali kutchalitchi, ine ndikuwafikitsira kabotolo kamodzikamodzi pamphuno. "Amayi, tanunkhizani aka," ndinatero ndikuwapatsa nambala 23, kamene kabukuko kamakatcha malt, mawu amene ine ndinkangowadziwa pa mabotolo a zakumwa. Sanachedwe n'komwe. "Ichi ndi chimera, mwananga, chimera chouma bwino chofuna kusinja," anatero, ndipo analondola, pakuti malt ndi mbewu yomeretsedwa kenaka n'kuumitsidwa, ndendende zimene iwo amachita ndi mawere akafuna kuphika thobwa. Pa nambala 28 anaseka n'kunena kuti wokazinga mtedzawo anachedwa kuphula. Nditawapatsa nambala 33 anatenga kabotoloko m'dzanja langa n'kukagwira okha, ndipo anakhala nthawi osayankhula. Bambo anga, amene anatisiya kalekale, ankalima fodya wa chikopa, wofukizidwa ndi utsi m'balani kwa masiku ambiri, ndipo malaya awo ankanunkha fodyayo ngakhale atachapidwa kangati. "Awatu ndi abambo ako akuchokera ku balani," anatero pomaliza, n'kundibwezera kabotoloko. Sindinawauze kuti m'kabuku analemba kuti fodya wa m'kaliwo, chifukwa yankho lawo linali lokwanira kuposa la m'kabukumo.

Pa nambala 14 anakwinya nkhope n'kunena kuti mphaka wakodzera penapake. Kabotoloko ndi ka blackcurrant, kachipatso kakuda ka ku Ulaya kamene olawa khofi amakatchula kawirikawiri poyamikira khofi wa ku Kenya, ndipo Amayi sanaphonye kwenikweni, popeza ngakhale akatswiri a mafuta onunkhira amavomereza kuti mphukira za mtengowo zili ndi kafungo ka mphaka. Apa m'pamene pali malire a bokosili kwa munthu wa kuno. Blackcurrant, apricot, uchi wa mtengo wa maple wa ku Canada, ndi mtedza wa mitundu itatu wa almond, hazelnut ndi walnut ndi zinthu za m'khitchini ya ku Ulaya ndi ku America, zimene mwana wa kumeneko amazidya asanayambe sukulu. Kwa ine mafungo amenewa analibe pogwira. Ndinkawanunkhiza m'mawa, n'kuloweza dzina, pofika madzulo dzina ndi fungo zitasiyana njira, pamene dothi ndi utsi sindinafunike kuziloweza ngakhale kamodzi. Mitundu itatu ya mtedza ija inanditengera miyezi iwiri kuti ndiisiyanitse, ndipo zinatheka nditapita ku sitolo ina yaikulu n'kugula timapaketi todula ta mtedza weniweniwo kuti ndiutafune, kuti mphuno ipeze chokumbukira.

Nkhani ya mayina a mafungo si yaing'ono. Mu 2014 Asifa Majid ndi Niclas Burenhult anafalitsa kafukufuku wa anthu a mtundu wa Jahai, alenje a m'nkhalango za ku Malaysia, amene chinenero chawo chili ndi mawu apaderadera a mitundu ya fungo monga mmene ife tilili ndi mawu a kufiira ndi kuyera, ndipo anthuwo ankatchula mafungo mosavuta ngati mmene ankatchulira mitundu ya zinthu, pamene olankhula Chingelezi ankadodoma n'kumangofanizira ndi zinthu zina. Chichewa chathu chili ndi njira yakeyake. Timasiyanitsa kununkha ndi kununkhira ndi kachidutswa kakang'ono ka mawu, kotero chiweruzo chimabwera limodzi ndi mneni, ndipo fungo timalimva ndi mneni yemweyo amene timamvera mawu, ululu ndi malangizo. Kupitirira apo nafenso timafanizira, ndipo zofanizira zathu ndi zimene bokosili lilibe. Khofi wabwino wa ku Misuku ali ndi kuwawasa kotsekemera kumene ine ndimakumva ngati bwemba, wina amakhala ndi kuuma kwa ufa wa malambe pa lilime, ndipo khofi wokhalitsa m'thanki yoviikira amatulutsa fungo limene aliyense woviikapo mphale amalidziwa kuti ndi la matsukwa. Ndikauza mlimi kuti khofi wake akumveka apricot amangondiyang'ana, koma ndikati akumveka masuku okupsa amamwetulira, chifukwa wamva.

Mbali imene sindinaiganizire pogula ndi mbiri imene ili m'timabotolo tina. Ka nambala 7, ka clove, kamene a Chiswahili amati karafuu, kamakumbutsa anthu ambiri chipinda cha dokotala wa mano, chifukwa mafuta ake otchedwa eugenol akhala akugwiritsidwa ntchito poziziritsa dzino. Mtengo wake poyamba unkamera pa tizilumba tochepa ta Maluku ku Indonesia kokha, ndipo Adatchi atalanda malondawo ankadula mitengo pa zilumba zina kuti clove azipezeka mwa iwo okha, mpaka pamene Mfalansa Pierre Poivre anazembetsa mbande mu 1770 kupita nazo ku Mauritius. Kuchokera ku zilumba za kumeneko mbewuyo inafika ku Zanzibar, ndipo Sultan Seyyid Said, amene anasamutsira likulu lake pachilumbapo cha mu 1840, analimbikitsa minda ikuluikulu ya clove ku Zanzibar ndi ku Pemba. Minda imeneyo inkalimidwa ndi akapolo, ndipo ambiri mwa iwo ankachokera m'madera ozungulira nyanja yathu ino. Ku Nkhotakota, kumene Jumbe Salim bin Abdallah anakhazikika m'zaka zomwezo, anthu ogwidwa ankawolotsedwa nyanja pa zombo n'kuyendetsedwa wapansi mpaka ku Kilwa. Msika wa akapolo wa ku Zanzibar unatsekedwa mu 1873, koma malondawo kuno anapitirirabe mpaka m'zaka za m'ma 1890. Chiyambire pamene ndinalumikiza zimenezi, kabotolo kameneka sindikanunkhiza mopepuka ngati kale, chifukwa n'kutheka kuti abale a makolo athu ena anafera pansi pa mitengo yonunkhira choncho.

Ka nambala 10 kali ndi nkhani yofananako. Vanila ndi mbewu ya ku Mexico imene inkavuta kubereka kwina, mpaka mu 1841 pamene Edmond Albius, mnyamata wa zaka 12 amene anali kapolo pa chilumba cha Réunion, anapeza njira yoberekesa duwa lake ndi kamtengo ndi chala, njira imene alimi a ku Madagascar akugwiritsabe ntchito mpaka lero. Ka nambala 6 ndi ka mkungudza, ndipo ngakhale kuti fungo lake likufanana kwambiri ndi la pensulo yosongoledwa kumene, linandikumbutsa timabokosi ta mkungudza wa ku Mulanje timene tinkagulitsidwa kwa alendo m'misewu, mtengo wa fuko lathu umene kununkhira kwake ndi kulimba kwake kwaudulitsa mpaka ikuluikulu yatsala pang'ono kutheratu paphiripo. Khofi mwiniwakeyo anafika kuno mu 1878 ngati mbande zochokera ku munda wa zomera wa ku Edinburgh kupita ku Blantyre Mission, ndipo anakondedwa ndi atsamunda mpaka mtengo wake unajambulidwa pa chizindikiro cha boma la British Central Africa, fodya ndi tiyi zisanamulande malo.

Pa ntchito ya tsiku ndi tsiku, kabotolo kamene kandipulumutsa kwambiri ndi ka nambala 2, ka mbatatesi yaiwisi. Khofi wa ku Rwanda ndi ku Burundi amadziwika ndi vuto limeneli, lomwe limagwirizana ndi kachilombo koboola zipatso kotchedwa antestia, ndipo njere imodzi yokha imatha kuononga kapu yonse. Mnzanga wina atandipatsa khofi wochokera kumeneko kuti ndimukazingire, ndinalizindikira fungolo pa chopera pomwepo, chinthu chimene chaka chatha ndikanangochitcha fungo lachilendo. Komabe wogula asayembekezere kuti fungo la m'kabotolo adzalipeza m'kapu lili lokhalokha ndi lamphamvu choncho. M'kabotolo liri ngati munthu woimba yekha, pamene m'kapu liri pakati pa kwaya, ndipo pamafunika masabata ambiri onunkhiza kabotolo kenaka kapu, kabotolo kenaka kapu, kuti khutu la mphuno, ngati n'kololedwa kutero, lizolowere kulitola. Mphuno imatopanso msanga. Ndikapitirira timabotolo tisanu kapena tisanu ndi kamodzi pa nthawi imodzi, tonse timayamba kumveka chimodzimodzi, ndipo njira imene yandithandiza ndi kununkhiza pang'ono katatu, kutseka, n'kupumira pa dzanja la malaya anga ndisanatenge kena. Amene angapake mafuta onunkhira kapena kusuta asanayambe angotaya nthawi yake. Bokosilo liyenera kukhala choimirira pamalo ozizira ndi amdima, zimene mu Okutobala wa ku Lilongwe zimatanthauza pansi pa kabati ya kuchipinda cha kum'mwera, kutali ndi chokazingira.

Kwa munthu wongokonda kumwa khofi kunyumba, mtengo wake ndi wosayenera, ndipo akhoza kuphunzira zambiri pongoyenda mumsika ndi mphuno yotseguka. Kwa wodwala amene akufuna kudzutsa mphuno yake, mafungo anayi aja akupezeka motchipa, ndimu pamsika, masamba a bulugama panjira, clove m'sitolo za zokometsera ndi duwa la rozi pabwalo la mnzake, ndipo ngati vutolo likupitirira ayenera kuonana ndi a chipatala. Amene bokosili lingawapindulire zenizeni ndi okazinga, ogula khofi kwa alimi, ndi makopaletivu amene amatumiza kunja, chifukwa limawapatsa chinenero chimene wogula wa kutsidya la nyanja amalankhula, ndipo pa malonda amenewa wosadziwa chinenerocho amangolandira mtengo umene wauzidwa. Bokosi limodzi likhoza kukwanira gulu lonse ngati pali wolisamala.

Ine ndawonjezera timabotolo tanga tisanu pambali pa 36 aja, totsukidwa bwino ta mankhwala akale, mmene ndaikamo ufa wa malambe, bwemba, chimera cha Amayi, nsinjiro ndi kachibenthu ka mkungudza kochokera pa bokosi lakale losweka. Sitikhalitsa ngati ta ku France, moti nsinjiro ndimasintha pakatha masabata awiri, koma nditapita nato ku Ntchisi pamodzi ndi bokosilo, alimi anayambira pa itito n'kufika pa tinato mosaopa. Bambo wina wachikulire amene amayang'anira makina osendera makoko ananunkhiza nambala 13, ka makoko a khofi, kamodzi kokha n'kunena kuti ameneyu ndi khofi amene wagona m'thanki usiku wowonjezera, ndipo anatchula ndi tsiku la chaka chatha limene zinawachitikira madzi atavuta. Tagwirizana kuti ndidzabwerenso nalo mu Juni kukolola kukafika pachimake, kuti achinyamata amene amaviika ndi kutsuka khofi adzanunkhize gulu lachinayi lija lonse. Nambala 14 ndimaiphonyabe kamodzi pa katatu kalikonse, ndipo m'kope langa pambali pa dzina lake ndinalembapo mawu a Amayi aja onena za mphaka, amene ndi okhawo amandithandiza kuikumbukira.